Momwe mungalinganizire makabureta awiri a Weber DCOE pa Alfa Romeo Giulia GT

Giulia GT yokhala bwino imadziwika ndi khutu. Mukangoponda moto, makabureta awiri a Weber amakoka mpweya ndi mkokomo wakuya, ndipo injini imayankha pompo, osazengereza. Koma eni ake ambiri a magalimoto amenewa, kaya ndi Sprint GT, GT 1300 Junior, 1750 GTV kapena 2000 GTV, amadandaula zofanana: injini ikugwedezeka pa idling (ikamalira yokha musakuponda moto), ikutsokomola ponyamuka, pulagi ina yakuda bii pamene inzake ili mbuu. Munthu amatenga sikuludiraiva m'mawa, n'kumapotoza apa ndi apo, ndipo pofika madzulo galimoto yaipiratu kuposa momwe inalili.

Chimene chimawagwetsa ndi kuyambira pakati. Kabureta ya DCOE ili ndi mimero iwiri, kotero makabureta awiri amapatsa silinda iliyonse mmero wakewake. Ubwino wa injini ya Alfa ya makamu awiri wagona pomwepa, koma kuvuta kwake kulinso pomwepa, chifukwa silinda ikalakwiridwa palibe inzake yoibisira. Kulinganiza masikuluwu ndi ntchito yomaliza, ndipo imatenga mphindi zosakwana 40 ngati zina zonse zakonzedwa kale.

Yambani mwawerenga dzina lomwe lili pachivundikiro cha kabureta. Sprint GT inabwera ndi 40 DCOE 4, GT 1300 Junior ndi 40 DCOE 28, ndipo 1750 ndi 40 DCOE 32. Magalimoto ena anatuluka ndi makabureta a Dell'Orto kapena Solex. Pa amenewo ndondomeko ndi yomweyi koma miyezo ya fuloti, kachipangizo koyandama kolamulira kuchuluka kwa petulo m'kabureta, ndi ina. Amene anapangidwira msika wa ku America kuyambira 1969 ali ndi pampu yopopera petulo ya SPICA m'malo mwa makabureta, ndiye malangizowa sakuwakhudza.

Zida ndi zipangizo

- Chozimitsira moto, chikhale pafupi ndi phazi lanu osati m'buti
- Synchrometer, kachida koyezera mpweya wolowa mu mmero
- Tochi yowala bwino
- Timing light, tochi yophethira yoonera nthawi yomwe moto ukuthetheka
- Feeler gauge, tizitsulo topyapyala toyezera mipata
- Geji ya compression
- Geji ya mphamvu ya petulo yowerenga kuyambira 0 mpaka 10 psi
- Sikuludiraiva yafulati yaitali ndi ina yaifupi, za milomo yosatha
- Masipanala a 8, 10, 13 ndi 17, ndi sipanala ya mapulagi
- Chitsulo cha dirilo cha 8.5 mm choyezera fuloti
- Magasiketi atsopano a zivundikiro, mawashala a paipi ya petulo, ndi needle valve ziwiri (timavalavu totseka petulo akadzaza m'kabureta)
- Mapulagi 4 atsopano. Ambiri amaika NGK B7ES m'malo mwa Lodge 2HL akale
- Mankhwala otsukira kabureta ndi mpweya wopopera
- Pepala ndi cholembera

Gawo loyamba: musanakhudze kabureta

1. Yezani mpata wa mavalavu injini ili yozizira. Pa injini za 1600 ndi 1750, mavalavu olowetsa amafuna 0.475 mpaka 0.500 mm, otulutsa 0.525 mpaka 0.550 mm. Pa 2000 mpatawo ndi wocheperako: 0.40 mpaka 0.45 mm olowetsa, 0.45 mpaka 0.50 mm otulutsa. Injiniyi ilibe sikuluwu yosinthira mpata. Pansi pa kapu iliyonse ya valavu pali kachitsulo kotchedwa shim, ndipo kuti musinthe muyenera kuchotsa kamu.

Chenjezo: valavu yothina imachititsa silinda yake kukoka mpweya wochepa. Synchrometer idzakuwonetsani kusiyanako, inu n'kuganiza kuti ndi kabureta.

2. Yezani compression injini itatentha, mapulagi onse atachotsedwa, thirotulo itatsegulidwa yonse. Masilinda anayi asasiyane kupitirira 10 peresenti. Ngati imodzi yatsika kwambiri, lekerani pomwepo. Palibe sikuluwu yomwe ingachiritse valavu yopsa.

3. Konzani moto. Ikani mapulagi atsopano, yang'anani mawaya ndi chivundikiro cha distributor, chipangizo chogawa moto ku mapulagi. Ngati ikadali ya mapoyinti, ya Bosch imafuna mpata wa 0.35 mpaka 0.40 mm. Pa pule ya kutsogolo kwa injini pali zilembo zitatu: P ndi pomwe pisitoni yafika pamwamba penipeni, F ndi pomwe moto uyenera kuthetheka pa idling, M ndi pomwe moto umafika injini ikathamanga kwambiri. Ndi timing light onetsetsani kuti pa idling chizindikiro chili pa F, kenako pondani moto ndi kuwona chikuyenda mosadumpha kupita ku M. Mukasiya, chibwerere ku F nthawi yomweyo. Moto umatsata masilinda motere: 1, 3, 4, 2.

Chenjezo: tizitsulo ta m'kati mwa distributor tikauma, moto subwerera msanga ndipo idling imakakamira pamwamba. Ambiri amaimba mlandu kabureta. Dontho limodzi kapena awiri a oyilo pakansalu kali pansi pa rotor kawirikawiri amathetsa vutoli.

4. Funafunani pomwe mpweya ukulowera mwakuba. Sitepe iyi ndi yomwe imasiyanitsa Alfa ndi magalimoto ena, ndiye musaithamangire. Makabureta a Alfa samangidwa mwachindunji ku manifold, chitsulo cholowetsa msakanizo wa petulo ndi mpweya m'mutu wa injini. Pakati pake pali mphira zomatidwa ku zitsulo, zomwe zimateteza petulo kuti asachite thovu ndi kunjenjemera kwa injini. Mphirazi zimakalamba n'kung'aluka, kawirikawiri kunsi komwe diso silifika. Lizani injini, gwirani makabureta ndi dzanja, muwakwezere m'mwamba pang'ono kenako muwapanikizire pansi. Kulira kwa injini kukasintha, mphira zatha ndipo zisinthidwe zonse pamodzi.

Yang'ananinso chitsulo chochirikiza chomwe chimachokera kunsi kwa bokosi la mpweya kutsikira ku mbali ya injini. Ndicho chimanyamula kulemera kwa makabureta. Amakaniko ena amachichotsa chifukwa chimavuta kubwezera, ndipo mphira zatsopano zimang'aluka pasanapite nthawi. Pomaliza tsatirani paipi yochokera ku manifold kupita ku servo ya mabuleki. Ikaboola, silinda yomwe paipiyo yalumikizidwako imalandira mpweya wochuluka, ndipo mudzaona kuti sikuluwu yake yokha ikufuna kumasulidwa kwambiri kuposa zinzake.

Gawo lachiwiri: petulo ndi mafuloti

5. Yezani mphamvu ya petulo pa paipi yolowa m'makabureta. DCOE imafuna mphamvu yochepa, pafupifupi 3 psi. Ikapitirira 3.5 psi, petulo amayamba kukankha needle valve n'kusefukira. Pampu yoyambirira ya injini, pamodzi ndi fyuluta yake ya FISPA, imapereka mphamvu yoyenera. Vuto limabwera wina akaika pampu ya magetsi popanda regulator yochepetsa mphamvuyo.

Chenjezo: starter ili kunsi kwa makabureta, ndipo distributor ili pafupi ndi kabureta yakutsogolo. Petulo wodontha amagwera pomwe pamathetheka moto. Chotsani waya wa batire musanamasule paipi iliyonse, ndipo yalani nsanza kunsi. Petulo wa ku Malawi ndi ku Zimbabwe amasakanizidwa ndi ethanol, yemwe amaumitsa mapaipi akale a mphira, ndiye paipi yolimba ngati ndodo kapena yong'aluka kumapeto isinthidwe lero lomwe.

6. Chotsani chivundikiro chapamwamba cha kabureta. Masulani paipi ya petulo, kenako kachivundikiro kozungulira ka majeti (tizitsulo ta mkuwa ta timabowo toyezera petulo) kamene kali ndi nati ya mapiko, kenako masikuluwu asanu. Kwezani chivundikirocho molunjika kuti mafuloti asakhule m'mbali. Gwedezani fuloti pafupi ndi khutu. Mukamva madzimadzi m'kati, yaboola. Yang'anani nsonga ya needle valve: ikakhala ndi kamzere kozungulira komwe chikhadabo chikukodwapo, ikani yatsopano. M'chivundikiro momwemo muli kasefa kakang'ono pansi pa chotsekera cha mkuwa, katsukeni.

7. Yezani fuloti. Apa ndi pomwe ntchito zambiri zimawonongekera, chifukwa anthu amatembenuza chivundikiro chagada ndipo kulemera kwa fuloti kumapanikiza kampira ka sipiring'i kali kunsonga kwa needle valve. Muyezo wotengedwa motero ndi wabodza. Gwirani chivundikiro choimirira, mafuloti akulendewera pansi, gasiketi ili m'malo mwake. Pendekani pang'onopang'ono mpaka kalilime ka fuloti kangokhudza kampirako popanda kukakankha. Mukayang'anitsitsa mudzaona nthawi yomwe kalilime kafika n'kuima, kampira kasanayambe kulowa. Pamenepo lowetsani chitsulo cha dirilo pakati pa fuloti ndi gasiketi. Pa mafuloti a mkuwa mpata ukhale 8.5 mm, ndipo fuloti ikatsika yonse ifike pa 15 mm. Makabureta atsopano a mafuloti a pulasitiki, monga 40 DCOE 151, amafuna 12 mm.

Yezani mbali zonse ziwiri za fuloti, ndipo musayezere pamsoko wa pakati pomwe patukuka. Posintha, pindani kalilime kokha ndi pulayala yaying'ono, osati mikono ya fuloti. Makabureta onse awiri akhale ndi muyezo umodzi. Kusiyana kwa milimita imodzi n'kokwanira kuti masilinda awiri azidya petulo wambiri pamene ena awiri akuperewera.

8. Tulutsani majeti, mmero umodzi pa nthawi, ndipo lembani manambala ake. Zoikamo zake zing'onozing'ono ndi za idle jet, zazikulu zili ndi main jet kunsi, emulsion tube pakati ndi air corrector pamwamba. Pa 1750 yosasinthidwa mudzapeza idle jet ya 50F8 ndi main jet ya 125. Chofunika koposa n'chakuti mimero yonse inayi ikhale ndi manambala ofanana. Galimoto ya zaka zoposa 50 yadutsa m'manja ambiri, ndipo si zachilendo kupeza jeti imodzi yachilendo pakati pa zinzake. Tsukani ndi mankhwala, popani ndi mpweya, yang'anani pa kuwala.

Chenjezo: musalowetse waya kapena singano mu jeti. Mkuwa ndi wofewa, ndipo bowo likakula silibwerera.

Mukabwezera zonse ndipo petulo wadzaza, injini ili chozima, kankhani thirotulo ndi dzanja mukuwunika m'mimero ndi tochi. Mmero uliwonse uyenera kulavula kamtsinje kowonda ka petulo kuchokera ku pump jet. Womwe sukulavula ndiwo umachititsa galimoto kudodoma mukaponda moto mwadzidzidzi. Onetsetsaninso kuti waya wa choke ukubwezera timikono take mpaka kumapeto pa makabureta onse awiri.

Gawo lachitatu: kulinganiza mpweya

9. Ikani poyambira. Pali masikuluwu a mitundu itatu ndipo musawasokoneze. Ya idling ndi imodzi yokha, imakankha mkono wa thirotulo. Yolinganizira ili pakati pa makabureta awiri, ili ndi sipiring'i, ndipo imasuntha kabureta imodzi poyerekeza ndi inzake. Za msakanizo wa petulo ndi mpweya zilipo zinayi, iliyonse pamwamba pa mmero wake chakufupi ndi manifold.

Mangani za msakanizo mofatsa mpaka zingokhudza pansi, kenako masulani. Pa makabureta akale opangidwa ku Bologna yambani ndi kuzungulira kumodzi. Pa a mtundu wa 151 ndi 152, omwe nsonga zake n'zowonda, yambani ndi kuwiri ndi theka. Sikuluwu ya idling imasuleni mpaka isiye mkono, ibwezeni mpaka ikhudze, kenako onjezerani theka.

Chenjezo: mukamanga sikuluwu ya msakanizo mwamphamvu, nsonga yake imadindika ndipo bowo la m'thupi la kabureta limakula. Zala ziwiri pa sikuludiraiva n'zokwanira.

10. Linganizani ndi maso injini isanalire. Pafupi ndi sikuluwu iliyonse ya msakanizo pali kachotsekera ka mkuwa. Kachotseni n'kuwunikamo ndi tochi. Pansi pake mudzaona timabowo ting'onoting'ono tondondozana, tomwe timapereka petulo thirotulo ikangoyamba kutseguka, ndipo kudzera mu kabowo koyamba mudzaona m'mphepete mwa kambale ka butterfly komwe kamatsegula ndi kutseka mmero, kamzere kowala ka mkuwa. Pa idling kambaleko kayenera kukhala katatseka kabowo koyambako kapena kali m'mphepete mwake. Potozani sikuluwu yolinganizira mpaka mzere wowalawo uwoneke pamalo amodzimodzi m'makabureta onse awiri. Njira imeneyi imakufikitsani pafupi kwambiri popanda chida chilichonse. Bwezerani tizotsekerato bwinobwino, chifukwa tikasiyidwa tolekera timalowetsa mpweya.

11. Chotsani bokosi la mpweya kuti mimero iwonekere, koma musasiye makabureta akulendewera pa mphira zokha. Achirikizeni ndi kathabwa kunsi kapena amangirireni m'mwamba kuti akhale momwe amakhalira chitsulo chochirikiza chilipo. Akagwa pang'ono, chilumikizo cha pakati chimasuntha, ndipo zomwe mwalinganiza zidzasokonekera mukabwezera bokosi. Pa magalimoto a chiwongolero cha kumanja malo ndi opanikizika, kotero synchrometer ingafune kachigongono ka mphira kuti ifike.

12. Lizani injini itenthe mpaka geji ya madzi ifike pomwe imakhala mukamayenda. Ikani idling pakati pa 900 ndi 1000 rpm. Yezani mmero wachiwiri ndi wachitatu, yomwe yayandikana ndi chilumikizo cha pakati. Kawirikawiri mudzawerenga pakati pa 3 ndi 5 kg/h, koma nambala yeniyeni si nkhani, chofunika n'kufanana. Potozani sikuluwu yolinganizira pang'ono kwambiri, chotsani sikuludiraiva, pondani moto kamodzi kuti zitsulo zikhazikike, kenako yezaninso. Kulemera kwa dzanja lanu pa sikuluwu kumasintha zomwe chida chikuwerenga, ndiye musayeze sikuludiraiva ili pomwepo.

Ngati mulibe synchrometer, kapaipi ka mphira kamathandiza: mbali ina pakhutu, ina pakamwa pa mmero, pamalo ofanana nthawi zonse, n'kumayerekeza kufuula kwa mpweya. Nkhope ikhale kutali, chifukwa kabureta ikatsokomola imatulutsa lawi.

13. Tsopano yezani mmero woyamba ndi wachinayi. Mimero iwiri ya kabureta imodzi ili pa shafiti imodzi, ndiye iyenera kufanana yokha. Kusiyana pang'ono, kosakwana theka la kg/h, kulekeni. Kukakhala kwakukulu, shafiti yapotoka, kapena kambale kamodzi sikakhala bwino, kapena mwaphonya kena kake pa sitepe 1 ndi 4. Makabureta a 151 ndi 152 ali ndi timasikuluwu ta mpweya wodutsa m'mbali tothetsera kusiyanaku: tsegulani ka mmero womwe ukukoka pang'ono, kenako katsekeni ndi nati yake. Akale alibe, ndipo shafiti yopotoka ndi ntchito ya pa benchi.

Gawo lachinayi: msakanizo

14. Tengani mmero umodzi. Kumanga kumachepetsa petulo, kumasula kumawonjezera. Mangani pang'onopang'ono mpaka injini iyambe kutsika ndi kugwedezeka, kenako masulani pang'onopang'ono, gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu a kuzungulira nthawi iliyonse, n'kudikira masekondi 10 kuti injini iyankhe. Imani pomwe ikulira mokwera ndi mosalala. Mukapitirira mudzamva ikuyamba kulemera, bwererani. Chitani chimodzimodzi pa mimero inayo, kenako bwerezani yonse kachiwiri, chifukwa idling ikakwera zoyamba zija zimasuntha pang'ono.

Silinda imodzi mwa zinayi siisintha kulira kwambiri, ndiye tcherani khutu ku ekizozi kapena yang'anani geji ya rpm. Pulagi ya galasi ya Colortune imathandiza amene khutu silinazolowere: lawi lachikasu ndi petulo wambiri, labuluu ngati la chitofu cha gasi ndiye loyenera, lotuwa ndi petulo wochepa.

15. Tsitsani idling ifike pakati pa 800 ndi 900 rpm, yezaninso mpweya, kenako werengani kuti sikuluwu iliyonse yazungulira kangati ndipo lembani. Zinayi zonse ziyenera kuyandikana. Pa makabureta akale, ngati zonse zikufuna kupitirira kuzungulira kuwiri, idle jet ndi yaying'ono kapena mpweya ukulowabe penapake. Ngati injini ikukoma zili pafupi kutsekeka, jeti ndi yaikulu kapena fuloti yakwera.

16. Bwezerani bokosi la mpweya, chitsulo chochirikiza ndi mapaipi onse, kenako yendani makilomita 15 kapena 20. Yesani kuyenda mofatsa pakati pa 1500 ndi 2800 rpm, chifukwa pamenepo galimoto imakhala ikudya kudzera mu idle jet ndi timabowo tija, main jet isanayambe. Kutsokomola m'makabureta ndi kudodoma zikusonyeza petulo wochepa. Utsi wakuda, fungo loluma m'maso ndi mwaye pa mapulagi zikusonyeza wochuluka. Mukabwerako wunikani ndi tochi pomwe paipi ya petulo yalumikizidwa ngati sipakunyowa.

Zolakwa zomwe zimabwerezedwa

Kukweza idling ndi sikuluwu pofuna kubisa vuto. Ichi ndiye chachikulu. Moto ukachedwa, injini imafooka pa idling, munthu n'kumanga sikuluwu ya idling mpaka butterfly itsegule timabowo tija. Zikatero masikuluwu a msakanizo amasiya kumva, idling imakwera n'kukana kutsika, ndipo ponyamuka galimoto imadodoma chifukwa petulo yemwe akanaithandiza pa nthawiyo wayamba kale kutuluka. Mukaona sikuluwu ya msakanizo ikuzungulira injini osasintha, bwererani ku sitepe 3 ndi 10.

Kulinganiza injini isanatenthe. Yozizira imafuna petulo wambiri, ndipo ikatentha mudzapeza mwaipatsa wopitirira.

Kusintha zinthu ziwiri nthawi imodzi. Jeti ndi moto zikasinthidwa pamodzi, simudziwa chomwe chathandiza.

Kukoka mawaya a mapulagi injini ikulira pofuna kudziwa silinda yofooka. Pa mapoyinti zimatheka ndi pulayala yokutidwa, koma pa galimoto yomwe anaikamo moto wa electronic mungapsereze kachipangizo kake.

Kuiwala kutalika kwa malo. Magalimoto a Alfa ankalumikizidwanso ku South Africa mpaka 1985, ndipo ambiri a chiwongolero cha kumanja amapezeka kumeneko. Yomwe inalinganizidwira ku Johannesburg, pamtunda wa mamita oposa 1700 pomwe mpweya ndi wopepuka, ingaperewere petulo ikatsikira kunyanja ku Durban, ndipo yochokera ku Durban imadya wambiri ikakwera. Funsani komwe majeti anasankhidwira.

Kuthamangira makabureta aakulu. Aliyense wokonda magalimoto amenewa amasirira GTA ya 1965, yopepuka ya thupi la aluminiyamu, yomwe Autodelta, gulu la mipikisano la Alfa, inkapikisana nayo ndipo Andrea de Adamich anapambana nayo mpikisano wa magalimoto a touring ku Ulaya mu 1966 ndi 1967. Inali ndi Weber 45 DCOE, inde, koma inalinso ndi mutu wa injini wa mapulagi awiri pa silinda ndi mavalavu aakulu oti n'kumeza mpweya wonsewo. Mukaika ma 45 a mimero yotakata pa 1300 Junior yosasinthidwa, mpweya umayenda mwaulesi, sukoka petulo mokwanira pansi pa 3000 rpm, ndipo galimoto yomwe inali yopepuka m'tauni imayamba kudodoma pa mphambano iliyonse. Ma 40 DCOE 28 omwe inabwera nawo, atalinganizidwa bwino, amaithamangitsa kuposa pamenepo.

Kufuna idling yosalala pa injini ya makamu a mpikisano. Makamu otere amasiya mavalavu onse awiri otseguka kwa nthawi yaitali, ndipo pa 800 rpm injini imagunda modukizadukiza ngakhale zonse zili bwino. Ikwezeni ifike 1000 kapena 1100 rpm powonjezera moto pang'ono pa idling, osati potsegula butterfly, ndipo mukatero yezaninso ndi timing light kuti pa liwiro lalikulu moto usapitirire muyezo womwe anapangira injiniyo.